Ndinabwereka Dzina la Msuweni Wanga

Anthu ena amabwereka jekete popita ku ukwati, ena amabwereka bwato. Ine ndinabwereka dzina, ndipo ndinakhala nalo zaka zisanu ndi chimodzi. Mwini wake anandipatsa akuseka, inenso ndinalandira ndikuseka. Tonse tinali anyamata, tinkaona ngati ndi nkhani ya miyezi ingapo.

Kwathu ndi ku Khuyu, pachilumba cha Likoma. Nditalemba mayeso a Fomu 4, bambo anali atandikonzera kale moyo wonse. Ndikaphunzire uphunzitsi, ndibwerere, ndizivala taye, Lamulungu ndiziwerenga mawu m'tchalitchi chachikulu ku Chipyela monga ankachitira agogo. Bambowo anatha zaka zambiri akuphikira azungu ku Bulawayo, ndipo sankafuna kuti mwana wawo adzapse manja ngati iwo. Koma ine choko sichinkandigwira mtima. Chimene chinkandikoka ndi kamoto kabuluu ka owotcherera zitsulo. Ku Chipyela kunali bambo wina amene ankawotcherera mafelemu a zitseko ndi zitsulo za maboti, ndipo ndinkaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka kuiwala zomwe andituma kumsika.

Malo a ku koleji ya aphunzitsi sanatuluke chaka choyamba, chachiwirinso sanatuluke. Bambo ankadandaula, ine ndinkangowathandiza kudandaulako ndi nkhope. Kenaka tinamva kwa amalonda obweretsa nkhuni kuchokera kutsidya, ku Mozambique, kuti ku Tete, ku migodi ya malasha, akulemba anyamata ndi kuwaphunzitsa kuwotcherera kwaulere. Vuto linali limodzi: ankafuna okhawo okhala ndi chitupa cha dziko lawo.

Apa ndi pamene akulowera Filipo, msuweni wanga. Mayi ake ndi azakhali anga, alongo awo a bambo. Anakwatiwa kutsidya, Filipo anabadwira komweko, ndipo amuna awo atamwalira anabwerera naye ku Yofu, mudzi wina wa pachilumba chathu. Tinkafanana kwambiri, mphumi yomweyo, mpata wa mano womwewo. Paja asuweni sitipatsana ulemu. Iye ankanditcha mphunzitsi wopanda sukulu, ine ndinkamutcha nduna ya usipa, chifukwa kunja kwa ukonde ndi bwato panalibe china chomwe ankafuna padziko pano.

Ndinamupeza akusoka ukonde pansi pa mlambe, ndikumudandaulira. Anandimvetsera ulusi uli kukamwa, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitupa chokulungidwa m'pulasitiki, chikununkha nsomba.

"Ndiye mwamuna wamkulu ukulilira kapepala? Tenga. Ine usipa sunandifunsepo chitupa."

"Nanga akakandigwira?"

"Akakugwira ukanene kuti ndiwe Filipo, amange Filipo. Ine ndizisoka ukonde wanga pompano." Anaseka mpaka kutsokomola. "Koma ukandisungire bwino jina langalo. Usakaliledzeretse, usakalikwatitse."

Bambo atamva, sanandiyankhule masiku atatu. M'mawa wa ulendo anandiperekeza mpaka kudoko komwe kunali bwato la thanga lopita ku Kobwe, akuyenda patsogolo, ine m'mbuyo. Nditatsala pang'ono kukwera ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Ku Bulawayo bwana wanga ankanditcha jina la khukhi amene analipo ine ndisanabwere, chifukwa langa linkamuvuta. Ndinkavomera. Koma ine anachita kundipatsa. Iwe wachita kukapempha wekha."

Mawuwo anandipweteka, koma bwato ndinakwera.

Ku Tete kumatentha, abale. Ife a ku Likoma timadzitama kuti dzuwa timalidziwa, koma lathu lili ndi nyanja pambali, ukatopa nalo umakadumphira m'madzi. Kumeneko kulibe kothawira. Tinkagona m'makontena, anthu asanu ndi atatu m'kontena imodzi, ndipo fumbi la malasha linkalowa paliponse: m'mphuno, m'makutu, m'buledi. Ukasamba, thawulo linkada. Ukamina, unkadzimvera chisoni.

Chipwitikizi changa chinali cha moni basi. Chinandipulumutsa ndi mayankhulidwe a kwathu. Atandimva ndikupempha "maji" m'malo mwa madzi, kalaliki anangoti, "Wa kunyanja uyu, a kumeneko sukulu sapita nayo patali," n'kudinda pepala. Motero ine wa Fomu 4, amene bambo ankandiona kale nditavala taye, ndinalowa ntchito ngati mbuli. Mabwana ena anali ochokera ku Joni, ankayankhula Chingerezi, ndipo ndinkamva chilichonse, koma ndinkayenera kuimirira ngati chitsa mpaka womasulira amalize. Masabata oyamba, kapitawo akamaitana mayina m'mawa, ankakuwa "Filipo!" katatu ine ndikuyang'ana uku ndi uku, kudabwa kuti msuweni wanga wafika liti.

Amene anandiphunzitsa ntchito ndi a Jowakimu, bambo wachikulire wa ku Angonia, woyankhula Chichewa chokoma kuposa changa. Anali wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga mangawa. "Dzanja lako likuthamangira kuti?" ankatero, akundigwira pachigongono. "Chitsulochi chili ndi ulendo? Dekha, uone mmene chikusungunukira." Tsiku lina ndinachita matama, ndinawotcherera kanthu kakang'ono osatsitsa galasi lakuda loteteza maso. Kutacha maso anali ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu. A Jowakimu anadula mbatatesi yaiwisi, n'kundiika tizidutswa pazikope, uku akundinyoza mpaka kwa agogo anga. Atamaliza kunyoza anakandipemphera tchuthi cha tsiku limodzi, chakudya changa n'kundibweretsera m'kontena.

Ndi iwo amene anandigwira. Bwana wina ananena nthabwala m'Chingerezi, ine ndinaphulika kuseka womasulira asanayambe n'komwe. Palibe wina anazindikira, koma pa nthawi ya chakudya a Jowakimu anakhala pafupi nane.

"Iwe ukakhala Filipo, ine ndine bishopu."

Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja.

"Sindinakufunse, usandiuze. Ine ndikudziwa manja ako, ndipo ndi abwino. Kungoti kuseka uzidikira anzako."

Ntchitoyo ndinaikonda, sindinama. Kuchoka pa mafelemu ndinafika pa mapaipi, aja akuti ukawotcherera amabwera ndi makina ounika m'kati mwa chitsulo kuti aone ngati mwatsala kabowo. Anyamata ambiri ankagwa pamenepo. Ine ndinakhoza ulendo woyamba. Anandipatsa satifiketi yolimba bwino, ya chidindo chofiira, chithunzi changa chili pakona. Ndinakhala pabedi ndikuiyang'ana, ndili wokondwa ngati mwana. Kenaka ndinawerenga dzina lomwe linali pakati, ndipo chisangalalo chija chinachita ngati chathiridwa madzi. Thukuta linali langa, maso opsa anali anga, koma wokhoza anali Filipo.

Ndinamuimbira foni. "Wakhoza mayeso," ndinatero.

"Ndimadziwa kale kuti ndine wanzeru," anayankha. "Ndiye wokhozayo sagulirwa kanthu?"

Ndinamutumizira ukonde watsopano. Kwathu ku Khuyu udzu wa padenga unachoka, panabwera malata. Azakhali ndinkawatumizira zitenje za kumeneko, ndipo amati akavala ku tchalitchi azimayi anzawo ankazigwiragwira. Bambo malatawo anawalandira, koma pafoni ankangofunsa ngati ndikudya bwino ndi ngati ndikupemphera. Za ntchito sanafunsepo.

Kupempherako ndinkanama. Ndinapita kangapo ku katchalitchi ka mpingo wathu m'tauni, koma abusa atafuna kundilemba m'buku la akhristu ndinasiya. Kunamiza kalaliki ndinkatha, koma kunama m'tchalitchi ayi. Kunalinso mtsikana wina wogulitsa nyemba ndi mpunga pageti la kampu, amene ankandiwonjezera chipande popanda kupempha. Tinagwirizana chaka chathunthu. Atayamba kufunsa za akwathu ndi za ukwati, ndinayamba kudzera geti lina. Ndikanamukwatira ndi dzina liti? Ana akanakhala a yani? Ndinamulakwira mtsikana ameneyo, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi anandiitana ku ofesi. Anati akufuna kundikweza, ndikhale kapitawo wa gulu la owotcherera mapaipi, ntchito yokhazikika, ndi nyumba yangayanga kunja kwa kampu. Anandipatsa mwezi kuti ndiganize, ngakhale panalibe choganiza. Ndinatuluka ndikuyenda ngati pansi pali masipuling'i.

Sabata yomweyo, tikudya masana, foni inalira. Anali amayi. Anati Filipo wamwalira. Malungo, masiku anayi okha. Ndinakhala ndi supuni m'manja mpaka a Jowakimu anachita kundilanda.

Ndinapita kukapempha tchuthi cha maliro. Kalaliki, mayi wina waulemu wake, anatulutsa fomu pakompyuta.

"Pepani, a Filipo. Wamwalira ndani?"

"Mbale wanga."

"Dzina lake?"

Sindikananena kuti Filipo, popeza Filipo anali ataima pamaso pawo atavala ovolosi. Mayiwo anadikira, zala zili pamabatani. M'mutu mwanga simunabwere dzina lina lililonse. Ndinatchula langa. Ndinawaona akulilemba chilembo chimodzichimodzi, akundifunsa ngati alemba bwino, ine ndikuvomera. Anadinda, n'kundipatsa pepalalo. Ulendo wonse wa masiku anayi, pa malole ndi pa bwato, m'thumba limodzi munali chitupa cha munthu wakufa, m'thumba lina pepala lonena kuti wakufayo ndine.

Ndinafika maliro ataikidwa kale. Likoma ndinampeza yemweyo, miyala yomweyo, milambe yomweyo, koma anthu anali atasuntha. Amayi imvi zinali mbuu. Bambo ankayenda ndi ndodo. Ana a mlongo wanga anathawira kuseri kwa nyumba, akunong'onezana kuti kwabwera mlendo wa ku Tete. Anzanga amene ndinawasiya akusewera mpira anali ndi ana awiriawiri, ena akundipatsa moni wa "inu" ngati ndine wa boma.

Kutacha ndinayenda kupita ku Yofu. Azakhali anandikumbatira nthawi yaitali, akundigwira kumaso ndi manja awiri. Ndinadziwa amene akumuona pankhope yangayo. Kenaka anamanga chitenje n'kunditsogolera kumanda.

Dothi linali likadali latsopano. Kumutu kunali mtanda wa matabwa, wopakidwa penti yoyera. Mitanda yonse yoyandikana nayo inali ndi mayina, ina ndi vesi pansi pake. Wa Filipo unali woyera mbee, wopanda chilembo ngakhale chimodzi.

"Kalipentala anaiwala kulemba?" ndinafunsa.

"Sanaiwale. Ndinamuletsa ine."

"Chifukwa chiyani, azakhali?"

"Ndilembe bwanji jina pamanda pamene mundu wamoyo akulivomera m'mawa uliwonse? Ndikuike m'dothi ndi iwe? Ndataya mmodzi, wakwana."

Mlongo wanga anali atandiuza kale kuti pamaliro ponse azakhali ankangolira kuti "mwana wanga, mwana wanga," osatchula dzina ngakhale kamodzi. Anthu ankati ndi chisoni. Pamanda paja ndi pamene ndinamvetsa kuti ankateteza ine.

"Ndilibweza," ndinatero. "Ndisiya ntchito."

"Usachite misala. Pita nalo, mwanangu, iye salifunanso. Ndikamva kuti Filipo akumukweza pantchito, mtima wanga umakhalako pansi." Anagwada, n'kuyamba kutola timiyala pamwamba pa manda. Kenaka anayankhula motsitsa, osati kwa ine. "Iwe pirira kaye. Mbale wako akugwira nalo ntchito."

Ndinayang'ana kumbali. Sindinalire nditamva foni ija, sindinalire pa bwato, koma apa ndinalira.

Kwa bambo ndinkayembekeza chidzudzulo. M'mawa wa tsiku lobwerera ndinawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana malata aja ngati akuwaona koyamba.

"Zitsulo zakozo umazitha ndithu?"

"Ndimazitha, bambo."

"Akakulanda pepala, manja akulandanso?"

"Ayi."

"Chabwino." Aka kanali koyamba kundifunsa za ntchito yanga.

Ndinabwerera ku Tete mutu uli wolemera. M'mawa woyamba kapitawo anakuwa dzina lija, ine ndinavomera monga mwa masiku onse, ndipo m'kamwa munawawa. Pepala la ukapitawo linkandidikira ku ofesi. Musaganize kuti zinali zophweka. Ndinali nditayandikira zaka makumi atatu. Ndi dzina la Filipo ndinali mmisiri wa mapaipi, wa satifiketi, munthu amene mabwana amamugwira chanza. Ndi dzina langa ndinali mnyamata wa Fomu 4 amene analephera kulowa koleji, wopanda kapepala kalikonse kosonyeza kuti anagwirapo chitsulo. Azakhali eni ake anali atandiloleza. Ndikanasaina, palibe akanandiloza chala.

Ndinawauza a Jowakimu zonse, ngakhale anali atandiletsa kalekale. Anamvetsera akusenda lalanje.

"Usandifunse ine," anatero. "Ndili ndi ana asanu. Ndikanakhala ine ndikanasaina dzulo, n'kumalira ndili m'nyumba yabwino." Anandipatsa theka la lalanjelo. "Koma iwe sindiwe ine. Chiyambire kubwera, ukamawotcherera msoko wako ukunjenjemera. Munthu wa mitima iwiri pa mapaipi ndi ngozi."

Sankanama. Masiku amenewo ndikatsitsa galasi lakuda, m'malo mwa chitsulo ndinkaona mtanda woyera uja. Ndinazengereza masabata awiri, kenaka ndinawapempha kuti akandipemphere zitsulo zotsala kwa woyang'anira yadi. Sanafunse kuti n'zachiyani. Loweruka masana, anzathu atapita m'tauni, tinatsala awiri m'shedi. Ndinadula paipi zidutswa ziwiri, n'kuzilumikiza mopingasa, pakati n'kuikapo chitsulo chaphanthiphanthi. Dzinalo sindinalembe ndi penti, poti penti imasuluka. Ndinalilemba ndi moto, chilembo chilichonse ndi msoko wakewake, pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira. A Jowakimu anapukuta ndi bulashi ya waya, anayang'anitsitsa mbali zonse, n'kunena kuti ngakhale makina ounika aja sakanapezapo chifukwa.

Lolemba ndinakauza a ku ofesi kuti ndikupita kwathu ndipo sindibweranso. Anayesa kundinyengerera, ine ndinathokoza. A Jowakimu anandiperekeza mpaka pa basi, atanyamula mtanda uja m'chiguduli. Potsanzikana anandifunsa dzina langa, ndinawauza, ndipo analibwereza kawiri kuti asaiwale.

Lero ndili ndi kashedi ku Chipyela. Ndimawotcherera mafelemu a mawindo, mawilibala, ndi zitsulo za maboti zikathyoka. Mayeso a umisiri ndinakalembanso kumtunda, kunja kwa chilumba, giredi yoyambirira, pamodzi ndi ana amene ndikanatha kuwaphunzitsa. Magetsi akazima ndimakhala pakhomo n'kumaganiza za nyumba ya ku Tete ija, ndipo nthawi zina mtima umawawa ndithu, sindibisa. Bambo amabwera ndi ndodo yawo kudzakhala pabenchi, n'kumauza makasitomala zochita ngati shediyo ndi yawo.

Koma ndikayamba kudzimvera chisoni ndimakumbukira tsiku lomwe tinakazika mtandawo. Unali m'mawa, tinalipo ochepa: azakhali, amayi, bambo, mlongo wanga ndi ine. Ndinazula wa matabwa uja, ndinakumba, n'kuthira simenti. Chitupa ndi satifiketi ndinapereka kwa azakhali, iwo anazimanga pamfundo ya chitenje osaziyang'ana. Ndiyeno ndinachotsa chiguduli.

Azakhali sadziwa kuwerenga. Anayandikira, n'kuyendetsa chala pa zilembo zotumphukazo, kuyambira choyamba mpaka chomaliza.

"Palembedwa chiyani apa?"

"Dzina lake, azakhali."

"Ndipo iwe sukulivomeranso?"

"Ndasiya."

Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikunena zoona. Kenaka anakhala pansi padothi, anagwira mtandawo ndi manja awiri, ndipo maliro amene anawasunga nthawi yonseyi anatuluka. "Filipo! Filipo, mwana wanga! Filipo!" Mawuwo anamveka mpaka kunyumba za m'munsi, azimayi a ku Yofu n'kuyamba kutuluka akumanga zitenje. Ine ndinaima pambali, fosholo ili m'manja, pakamwa nditatseka. Ankaitana mwana wawo.